Kudzichitira Chifundo Kapena Kudzimvera Chisoni?

Funso: Ndimaphunzitsa amayi anzanga yoga, masewera olimbitsa thupi ndi kukhazika mtima pansi, Loweruka lililonse m'mawa. Tikamaliza kudziwongola ndimafuna kuwauza kuti chifundo chimene amachitira ena chizifikanso kwa iwo eni. Nditati "muzidzikonda" anaseka. Nditati "muzidzimvera chisoni" wina anafunsa kuti, "Kodi taferedwa?" Ndinene bwanji?

Yankho: Amayi, anzanuwo anamva Chichewa bwino lomwe. Wodzikonda ndi uja amatapa nthuli zonse m'mbale ana akuyang'ana. Liwulo lili ndi mbiri yoipa kale, ndipo simungaliyeretse ndi phunziro la tsiku limodzi. Wodzimvera chisoni ndi amene wakhala ndwii pakhonde, dzanja lili patsaya, n'kumangoti "ine ndiye watsoka." Onse awiriwa si anthu amene mukufuna kuumba.

Mfundo ya chifundoyi imapezeka m'buku la Yoga Sutra, limene Patanjali, mphunzitsi wakalekale wa yoga, analemba m'chiyankhulo cha Sanskrit ku India. Ndime 33 ya gawo loyamba imati mtima umadekha munthu akamakhala waubwenzi kwa okondwa, wachifundo kwa ovutika, wosangalala ndi ochita zabwino, ndiponso wosatekeseka ndi ochita zoipa. Chachiwiricho amachitcha karuna, ndipo ine ndimaumirira kuti m'Chichewa ndi chifundo. Tamverani aneni amene mawu awiriwa, chisoni ndi chifundo, amakonda kuyenda nawo. Chisoni timachimva, pomwe chifundo kawirikawiri timachitira munthu. Mukakumana ndi agogo akuwefuka ndi mtolo wa nkhuni pamtunda, chisoni chimathera pa "pepani agogo." Chifundo chimawatula mtolowo n'kuusenza mpaka pakhomo pawo.

Choncho nenani kuti "muzidzichitira chifundo." Mukafuna mawu opepuka, a pakati pa anthu ozolowerana, nenani "muzidzikomera mtima." Amenewa ndimawakonda kwambiri. Mayi amene bondo likumuwawa koma akukakamira kupinda mwendo kuti afanane ndi mnzake wapambali, mukangomuuza kuti "musadzikakamize, dzikomereni mtima," amva nthawi yomweyo.

Funso: Pa WhatsApp ambiri amalemba "kuzichitira chifundo." Kodi d uja ndi wofunika?

Yankho: Ndi wofunika zedi. Mphatikiri -dzi- amabwezera ntchito kwa mwiniwake, pomwe -zi- amaloza zinthu zina monga mbuzi kapena nkhuku. "Ndazichitira chifundo" ndiye kuti mwina mwamasula mbuzi zimene zinali padzuwa. Mu "muzidzichitira" muli zi ndi dzi: zi woyambayo si wa mbuzi uja koma ndi wolangiza, dzi ndiye mwini.

Funso: Nanga ahimsa tingamasulire bwanji? Ndaona wina atalemba "kusavulaza."

Yankho: Sanaphonye kwenikweni. Ahimsa ndi loyamba mwa malamulo asanu a yoga otchedwa yama, onena za kakhalidwe ndi ena. Enawo ndi satya, kunena zoona, asteya, kusaba, brahmacharya, kudziletsa, ndi aparigraha, kusaunjika zinthu mwaumbombo. Liwu la ahimsa linapangidwa ngati mmene ife timapangira athu: himsa ndi kuvulaza, ndipo a- wakutsogoloyo amakana, monga -sa- wathu mu "kusaba." Ndi mfundo yomweyi imene Mahatma Gandhi anaitchukitsa pomenyera ufulu wa India popanda zida.

Vuto la "kusavulaza" n'lakuti khutu la Mchewa limamva bala ndi magazi basi. Komatu chiphunzitsochi chimakhudza zochita, zoyankhula ndi zoganiza zomwe. N'chifukwa chake ndimasankha "kusachita nkhanza." Timati mawu ankhanza, mtima wankhanza, ngakhale kuyang'ana mwankhanza, ndipo nkhanza timazichitiranso ziweto, monga mwana wogenda galu amene wangogona pamthunzi.

Ubwino wina n'ngwakuti liwuli limalandira -dzi- mosavuta. Taganizani mtsikana amene nsima yamupserera pamaso pa alendo, ali kukhitchini akudzitukwana kuti "chitsiru ine, palibe chimene ndimatha." Mawu amenewo sangayerekeze kuuza mng'ono wake. Ameneyo akudzichitira nkhanza, ndipo mukamuuza choncho m'Chichewa safunsanso tanthauzo.

Liwu lenilenilo la ahimsa musalitaye kapena kulisintha kalembedwe. Litchuleni koyamba, mupereke tanthauzo lake, kenako muzipitiriza ndi Chichewa. Silivuta pakamwa pathu, chifukwa ms ameneyo timamutchula tsiku lililonse mu msika ndi msewu.