Draft tiziti chani pa Chichewa? Mafunso a masapota a mpira

Sabata ino mafunso ambiri abwera pa nkhani ya mpira, ndipo lalitali kwambiri lachokera kutali, ku America, nde ndiyamba ndi lomwelo.

Achimwene ena okhala ku South Bend m'chigawo cha Indiana alemba kuti: "Ine kuno ndinayamba kusapota Indianapolis Colts, mpira wa kuno uja amavala zipewa zolimba n'kumagwetsana. Ligi ikatha nkhani imangokhala ya draft, koma ndikawauza abale pa gulu lathu la WhatsApp iwo amaganiza za masewera a zitsekerero. Pa Chichewa tingati chani?"

Achimwene, abale anuwo sanalakwe olo pang'ono. Kwathu kuno mukati draft munthu amaona thabwa lija la timabokosi lili pa maondo a anthu awiri pansi pa mtengo pafupi ndi okonza njinga, zitsekerero za Fanta zina zoyang'ana kumwamba zina zovundikira, wina akufuula kuti idya, idya. Mawuwo ali ndi mwini wake kale, ndiye olo muwalembe kuti dirafuti simunathandize aliyense, mwangowatumiza anthu ku thabwa komweko.

Tiyambe taona kaye chimene chimachitika, chifukwa mawu abwino amachokera pa chochitikacho. Ligi yaikulu ya mpira wa ku America umenewu, yotchedwa NFL, ili ndi matimu 32. Chaka chilichonse chakumapeto kwa April matimuwa amakhala masiku atatu, kuyambira Lachinayi mpaka Loweruka, n'kumatenga anyamata amene akhala akusewera mpira ku makoleji, ndipo lamulo lake n'lakuti mnyamata akhale kuti patha zaka zitatu chimalizireni sekondale. Amatenga mmodzimmodzi mosinthana, timu imene inachita moipa kuposa onse sizoni yathayo ndi imene imayamba, imene inatenga chikho cha Super Bowl imakhala kumapeto, akamaliza onse amayambiranso mpaka kuzungulira ka 7, ndipo onse otengedwa amapitirira 250. Zinayamba mu 1936, cholinga chake matimu olemera asamangokokera anyamata onse abwino kwawo.

Nde taonani. Kumeneku sikugula, chifukwa palibe ndalama imene timu ikupereka ku koleji. Si maere, chifukwa mndandanda wa amene ayambe umadziwika kale potengera mmene matimu anathera mu ligi. Ena anganene kuti chisankho, ndipo galamala yake ndi yabwinobwino, koma Mmalawi akamva chisankho amaona mzere wa anthu pa sukulu ya pulayimale ndi inki pa chala, komanso pa chisankho anthu ambiri amasankha munthu mmodzi pamene apa matimu ambiri akutengapo pa gulu limodzi.

Ine ndingati kugawana osewera atsopano. Ndipo chinthuchi timachidziwa bwino, tinakula nacho. Kumbukirani pa dambo madzulo, mpira wa chikulunga uli pansi, zigoli ndi njerwa ziwiri kapena masilipasi, ana awiri aima kutsogolo ena tonse tandanda, uyu akuti ine ndatenga uyu, winayo akuti ine uyo, mpaka kutsala kamwana kamodzi kamene aliyense sakukafuna n'kukauza kuti iwe ukakhale pagolo. Kumene kuja timati tiyeni tigawane. Wotengedwayo analibe chonena, kumene wagwera n'komweko, ndipo ku NFL zilinso choncho, mnyamata wokulira kotentha ku Florida atha kupezeka akusewera ku Green Bay kozizira koopsa. Kusiyana kwake n'kwakuti pa dambo amayamba kusankha ndi mwini mpira pamene uko amayamba ndi amene anali kumchira. Mukawafotokozera choncho abalewo amva kamodzi, ndipo akangomva, mutha kumangoti draft ya NFL polemba mwachangu, palibe mlandu.

Mawu ena awiri amene mufune. Kuzungulira kuja ku 7, nenani kuti ndime, monga timanenera pa makapu athu kuti ndime yotsiriza, choncho watengedwa m'ndime yoyamba, watengedwa m'ndime yachitatu. Ndipo nthawi ya timu yotenga munthu ija nenani kuti mpata. Mawu amenewa ndi ofunika chifukwa mipatayi matimu amasinthana ngati katundu. Chitsanzo chabwino ndi aneba anu a Chicago Bears, mu 2023 anali ndi mpata woyamba koma anaupereka kwa Carolina Panthers n'kulandira wosewera DJ Moore ndi mipata ina, kuphatikizapo wa ndime yoyamba wa chaka chotsatira, kenako Carolina inachita moipa kuposa onse, mpata uja unasanduka nambala 1 ndipo Bears inatengera Caleb Williams mu 2024. Mwaona, nkhani yonseyi ndaifotokoza m'Chichewa chokhachokha ndipo yamveka.

Chimodzi chokha ndikuchenjezeni, masewerawa musawatchule kuti mpira wa manja ngakhale amaponya ndi manja. Kwathu mpira wa manja ndi wa ntchemberembaye, wa ma Queens. Ingonenani kuti mpira wa ku America.

Achimwene omwewo afunsanso za offseason, nyengo ija ya pakati pa sizoni imodzi ndi inzake, kuti kodi ndi nthawi yopuma?

Nthawi yopuma ili ndi vuto lakuti pa mpira timaigwiritsa kale ntchito pa mphindi 15 zija za pakati pa gemu. Mukamvetsera masapota akucheza mu minibasi samavutika n'komwe, amangoti ligi ikatha, kapena ligi isanayambe, kapena pano ligi ili patchuthi. Chizungu chimakonda kupanga dzina la chinthu pamene Chichewa chimakonda mneni, nde musakakamire kupeza liwu limodzi. Ndipo kunena zoona si kupuma kwenikweni, osewera ndi amene amapuma koma akuluakulu a timu ndi pamene amatanganidwa kwambiri. Kwathu nyengoyi kawirikawiri imagwa m'dzinja, mvula ili mkati. Ku NFL imayamba Super Bowl ikatha mu February mpaka September. Pamenepa samalaninso ndi liwu loti chaka, chifukwa sizoni ya uko imayamba chaka china n'kuthera chaka china, ya 2023 inathera mu February 2024. Sizoni ndi mawu obwereka koma anakhazikika, agwiritseni.

Achemwali ena a ku Lilongwe amene amamasulira nkhani za masewera afunsa za liwu loti prospect, lonena wosewera wachinyamata amene akuoneka kuti adzachita bwino, akuti: "Prospect ndimavutika naye. Ndinalemba kuti woyembekezera ndipo anzanga anaseka. Ndinalakwa pati?"

Achemwali, anzanuwo anaseka chifukwa woyembekezera pa Chichewa ndi mayi wapakati, ndipo palibe njira yowachotsera anthu tanthauzo limenelo m'mutu. Mukanati woyembekezeka mukanayandikira, chifukwa -ka uja akusonyeza kuti ena ndi amene akumuyembekezera iyeyo, koma pakokha mawuwa amakhala olendewera, owerenga amafunsa kuti woyembekezeka kutani. Muyenera kumaliza, woyembekezeka kutengedwa m'ndime yoyamba.

Koma pabwalo anthu satero. Pitani pa gemu ya timu ya achisodzera mukaime pafupi ndi madala aja amakhala pa mthunzi ndi wayilesi kukhutu, mukamva akuti mwana uyu ali ndi tsogolo, mwana uyu adzatithandiza, kapena mwana uyu ali ndi mwendo. Taonani -dza- uja mu adzatithandiza, ndi amene wanyamula tanthauzo lonse la prospect, kuti lero sanafike koma tikuona kumene akulowera. Palinso mawu okongola oti wongophuka kumene, ochokera ku mbewu, amene timanenanso kwa oimba. Ine polemba ndimakonda wosewera wongophuka kumene, ndipo ngati ndi mpira wa ku America uja, kwa mnyamata woponya mpira mutha kutembenuza bwinobwino n'kuti ali ndi dzanja.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti pa nkhani yolosera za ana amenewa Chichewa n'cholemera kuposa mmene timaganizira. Chaka chilichonse chakumapeto kwa February anyamata a draft ya NFL aja amaitanidwa ku Indianapolis komweko kukayezedwa, amathamanga mtunda wa pafupifupi mamita 37 pa wotchi, amanyamula chitsulo cha makilogalamu 102 kuti aone akweza kangati, madokotala amawaunika bondo lililonse, ndipo ndi zonsezo matimu amaphonyabe. Mu 1998 anthu ankakangana kuti wabwino ndani pakati pa Peyton Manning ndi Ryan Leaf. Colts inatenga Manning pa nambala 1 ndipo anadzaibweretsera Super Bowl mu February 2007, San Diego Chargers inatenga Leaf pa nambala 2 ndipo patangotha zaka zitatu anali atachoka. Azungu munthu ngati Leaf amamutcha bust. Ife tili ndi mawu okonzeka kale, anawagwiritsa fuwa la moto, kapena anawagwiritsa mwala, ndipo wofuna mwambi anena kuti chikomekome cha nkuyu mkati muli nyerere. Mbali inayi kuli Tom Brady, amene mu 2000 matimu anamudutsa mpaka New England Patriots inamutenga pa nambala 199 m'ndime ya 6, iyeyo n'kudzawina Super Bowl ka 7. Kulinso Brock Purdy, wotsirizira penipeni pa nambala 262 mu 2022, kamwana kotsala pa dambo kaja, amene anafikitsa San Francisco 49ers ku Super Bowl patangopita masizoni awiri. Pamenepo Azungu amati steal, koma musavutike kumasulira liwulo kuti kuba, palibe anaba kanthu. Nenani kuti timu inatola nkhwangwa ndi mpini womwe, Mmalawi aliyense amva kukoma kwake.

Aphunzitsi ena a ku Kasungu akuti ana awo amalemba osewera ponena munthu mmodzi, kodi aziwachonga?

Musawachonge aphunzitsi. Mmodzi ndi wosewera, ambiri ndi osewera, chimodzimodzi wophunzira ndi ophunzira, wotchinga kumbuyo ndi otchinga kumbuyo. Vuto limabwera chifukwa polankhula mwachangu w uja samveka kwenikweni, nde pa Facebook mudzaona osewera ameneyu ndi katswiri, koma ameneyu akusonyeza kale kuti ndi mmodzi, choncho pakufunika wosewera ameneyu. Osewera kwa munthu mmodzi zimatheka pokhapokha mukumulemekeza, ndipo pamenepo zonse zitsatire, osewera akale amenewa anali akatswiri.

Mayi ena a ku Zomba alemba mokhudzika kuti mwana wawo amasewera mu timu ya m'chigawo, ndipo sakondwa akamva anthu akunena kuti amugula, ngati ndi mbuzi.

Mayi, ndikumva kuwawa kwake ndipo si inu nokha. Chimene timu imagula ndi kontrakiti, kutanthauza ufulu woti mwanayo aziisewerera, koma pakamwa tinafupikitsa mpaka zikumveka ngati munthuyo ndi amene ali pa msika. Pocheza pa bawo mawuwa sachoka, anazika mizu ndipo masapota sanena monyoza, ambiri akati tamugula amakhala akunyadira. Koma amene amalemba nkhani kapena kuulutsa pa wayilesi ali ndi mawu ena oti asankhepo, timu yamutenga, wapita ku timu yakuti, wasaina kontrakiti ya zaka ziwiri. Ndipo inu monga kholo muli ndi ufulu wonse kunena kuti mwana wanga wapeza timu.

Funso lomaliza lachokera kwa sapota wa ku Ndirande, akuti amakangana ndi mnzake kuti cholondola n'chiti, Bullets yasaina kapena Bullets asaina?

Zonse zilipo koma sizinena chinthu chimodzi. Mukati Bullets yatenga wosewera, ya- uja akugwirizana ndi liwu loti timu limene simunalitchule koma lili m'mutu, timu ya Bullets yatenga. Mukati a Bullets atenga wosewera, mukunena anthu, akuluakulu oyendetsa timuyo, ndipo a woyambayo asasowe. Mayina otchulira aja amayenda ndi a-, Maule atenga, Manoma atenga, simungati Manoma yatenga, khutu limakana lokha. Ndipo sapota weniweni nthawi zambiri sanena zonsezi, amangoti tatenga, tawina, atibera, ngakhale sanakhudzepo mpira, ndipo n'Chichewa chabwino chifukwa timu ndi yake.

Koma pa mkangano wanuwo pali china chimene nonse awiri simunachione, mneniyo. Wogwira cholembera ndi wosewera, ndiye wosewera ndi amene wasaina. Timu imamusainitsa. Bullets yasaina wosewera ndi kapangidwe ka Chizungu kamene tangokaveka zovala zathu, ndipo kafala kwambiri moti ambiri sakuonanso vuto, koma mukafuna kulemba bwino nenani kuti Bullets yamusainitsa kontrakiti ya zaka zitatu, kapena mnyamatayo wasaina ku Bullets. Kalembedwe kake mupeza kusaina ndi kusayina, onse awiri akuyenda, sankhani kamodzi muzikatsatira m'nkhani yanu yonse.