Kodi phungu wokakamiza voti akuluakulu a chipani asakufuna ndi wogalukira?

Bambo wina wanditumizira imelo kufunsa za nkhani ya ku America ija, yoti aphungu wamba anakakamiza Nyumba ya Malamulo kuvota kuti mafayilo a mlandu wa Jeffrey Epstein, mponda matiki uja amene ankazengedwa mlandu wochita zachipongwe atsikana achichepere, atulutsidwe, pomwe Sipika Mike Johnson sankafuna. Akuti zimatheka bwanji, nanga kumeneku si kugalukira chipani chomwe chinakuimika?

Bambo, funso lachiwirilo landigwira pachilonda, ndiye mundipirire.

Zaka zapitazo ndinali membala wamba wa kabungwe kosunga ndi kubwereketsa ndalama kuntchito kwathu. Tinkafuna chinthu chimodzi basi, choti munthu wakunja adzaone mabuku a ndalama. Apampando athu sanakanepo ngakhale tsiku limodzi. Anali munthu waulemu, wapakamwa potsekemera. Ankangoti, "Maganizo abwino zedi amenewo, tidzakambirana pamsonkhano wotsatira." Msonkhanowo ukakwana, pa ajenda pali za mayunifolomu, za phwando la Khrisimasi, za amene sanasonkhe chipepeso. Pofika pa zina ndi zina dzuwa lapendeka, aliyense mtima uli pa minibasi, wina waimirira kale kuti atseke ndi pemphero. M'makhonde tonse tinkadandaula, koma dandaulo la m'khonde sililowa m'maminitsi.

Tsiku lina mayi wina wachete kwambiri anang'amba pepala m'kope, n'kulemba pamwamba kuti ife tasaina m'munsimu tikufuna msonkhano wapadera, monga malamulo a kabungweko ankalolera. Apa m'pamene ndinawadziwa anzanga. Amene ankalalata kuposa tonse anati aiwala magalasi. Wina anati asaina mawa, kumeneko n'kuti fomu yake ya ngongole ili patebulo la apampando. Ife tinasainafe tinasanduka ogawanitsa anthu, ngakhale moni anayamba kuvuta. Mayina atakwana, msonkhano unachitika. Mukudziwa dzanja loyamba kukwezedwa povomereza kuti mabuku aonedwe? La apampando omwewo.

N'chifukwa chake sindivomera zoti wosaina pepala lotere ndi wogalukira. Mtsogoleri wochenjera salimbana ndi nkhani poyera, amangoonetsetsa kuti isafike povotera, chifukwa amadziwa kuti ikafika anthu ake omwe achita manyazi kuikana.

Ku America n'chimodzimodzi. Nyumba ya aphungu ili ndi mipando 435, ndipo Sipika ndi komiti yoona za dongosolo la zokambirana ndiwo amasankha bilu yobwera pabwalo. Koma pali khomo lakumbuyo lotchedwa discharge petition. Bilu ikagona kukomiti masiku 30 a zokambirana, phungu aliyense angathe kutsegula pepala, ndipo mayina akakwana 218 utsogoleri sungaitsekerezenso. Pa nkhani ya Epstein, pepalalo analitsegula ndi Thomas Massie wa Republican, chipani cha Sipika Johnson chomwecho, mogwirizana ndi Ro Khanna wa Democrat. A Republican amene anasaina anali anayi okha: Massie, Marjorie Taylor Greene, Lauren Boebert ndi Nancy Mace. Dzina la nambala 218 linali la Adelita Grijalva wa Democrat wa ku Arizona, yemwe anapambana chisankho pa 23 September 2025 koma anadikira mpaka pa 12 November kuti alumbiritsidwe. Johnson ankati Nyumba sinkakumana chifukwa cha mkangano wa bajeti umene unaimitsa ntchito za boma. Ine zimenezo ndikukayika, koma tizisiye. Voti itachitika pa 18 November, ovomereza anali 427, wokana mmodzi. Donald Trump, yemwe poyamba ankanyoza nkhaniyi, anali atatembenuka kale masiku ochepa voti isanachitike, ndipo anasaina kukhala lamulo tsiku lotsatira.

Tayerekezani, bambo: osaina anayi, koma ovomereza pafupifupi chipani chonse. Ndiye amene anapereka chipani ndi ndani? Anayiwo anangoonetsa zomwe anzawo ankaopa kunena. Ine ndikuti ochita manyazi akhale enawo, aja anabisala mpaka ataona komwe mphepo yalowera.

Sikuti anthuwa ndi oyera mtima, ayi. Ena mwa anayiwo sindingawapatse voti yanga ngakhale atandigulira njinga. Komanso njirayi imakanika kawirikawiri, poti a chipani cholamula amaopa kuchotsedwa m'makomiti apamwamba kapena kuimikiridwa wopikisana naye pa mapulaimale. Kuyambira 1993 mayina a osaina amakhala poyera, pomwe kale anali achinsinsi. Zimenezi zinathetsa bodza lija loti phungu auze anthu a kwawo kuti akuichirikiza bilu koma osasaina, ngakhale zinapatsanso akuluakulu mndandanda wa oti awakhaulitse. Nthawi zina pepala limagwira ntchito lisanadzaze n'komwe. Mu 1963 Howard Smith wa ku Virginia, yemwe anali wapampando wa komiti yoona za dongosolo la zokambirana ija, anakhalira bilu ya ufulu wa anthu akuda kukomiti yake, ndipo ataona mayina akuchuluka anagonja, bilu ija n'kudzakhala lamulo mu 1964. Ku Britain mtengo wake unali wowawa: mu September 2019 aphungu 21 a Conservative anathandiza otsutsa kulanda dongosolo la zokambirana pa nkhani ya Brexit (yotulutsa Britain mu mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya), nduna yaikulu ya nthawiyo Boris Johnson n'kuwachotsa onse m'gulu la aphungu a chipanicho, ngakhale Nicholas Soames, mdzukulu wa Winston Churchill.

Nanga kuno kwathu?

Phungu wathu amaloledwa kubweretsa bilu yakeyake, koma musafulumire kuwomba m'manja. Bilu ija ya mu July 2002, yofuna kuchotsa malire a materemu a pulezidenti nthawi ya a Bakili Muluzi, inabwera ndi phungu payekha, a Khwauli Msiska a AFORD, ndipo inapereweredwa mavoti atatu okha. Ameneyo sanali wamng'ono wolimbana ndi akuluakulu, koma akuluakulu obisala kumsana kwa wamng'ono. Onjezani Gawo 65 la malamulo aakulu a dziko lino, lomwe limakamba za kusintha chipani osati za kavotedwe, koma limatchulidwa poopseza aliyense amene wayamba kuyankhula zosiyana ndi anzake. Phungu wotere kulimba mtima akupeza kuti?

Ndachulutsa gaga m'diwa. Pa funso lanu loyamba lija: bilu igone kukomiti masiku 30, mayina akwane 218, padutse masiku ena 7 a zokambirana, kenako mmodzi mwa osaina aitanitse voti. Ikadutsa pamenepo iyenerabe kuvomerezedwa ku Senate, nyumba inzake ya malamulo, ndi kupita kwa pulezidenti. Mayina a osaina onse amapezeka pa intaneti, patsamba la kalaliki wa Nyumbayo.