Atsikana awiri amene anasowa mu Destiny's Child

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zomwe ndimalemba pano. Akuti mwana wawo wamkazi anapeza CD yakale ya Destiny's Child m'katoni, ija ya The Writing's on the Wall, ndipo ataonera kanema wa nyimbo ya Say My Name pa YouTube anadabwa kuti nkhope ziwiri za pachikuto mulibe mukanemamo. Funso lawo ndi ili: "Kodi atsikanawa analipo angati kwenikweni, nanga awiri enawo anapita kuti? Ine ndimangodziwa Beyoncé, Kelly ndi Michelle."

Mayi, mwana wanuyo ali ndi diso lakuthwa. Wagwira pomwe pagona nkhani yonse ya gululi.

Anayi a pachikutowo ndi Beyoncé Knowles, Kelly Rowland, LaTavia Roberson ndi LeToya Luckett. Anakulira ku Houston, m'chigawo cha Texas ku America, ndipo anayamba kuimba limodzi ali ana. Poyamba gululi linkatchedwa Girl's Tyme, ndipo linagonja pa mpikisano wa pa TV wa Star Search, LeToya asanalowemo. Mayi ake a Beyoncé, a Tina, anali ndi saluni, ndipo anawo ankayeserera nyimbo zawo momwemo, akuimbira azimayi amene akukonzedwa tsitsi. A Tina omwewo ndiwo ankawasokera zovala zokwera nazo pa siteji. Bambo ake a Beyoncé, a Mathew Knowles, anasiya ntchito yawo n'kukhala manijala wa gululi. Kelly naye ankakhala kunyumba kwa a Knowles ngati mwana wa pakhomopo.

Gwirani mfundo imeneyi, mayi, chifukwa zonse zimene zinabwera pambuyo zinamera apa. Mwa atsikana anayi, mmodzi anali mwana wobereka wa manijala, wachiwiri ankadya m'mbale ya manijala, awiri enawo ankachokera kwawo.

Kampani ya Elektra inawatenga kenako n'kuwasiya asanatulutse chimbale. Columbia ndiyo inawagwira dzanja, ndipo chimbale chawo choyamba chinatuluka mu 1998. Chachiwiri, chimene muli nacho kwanuko, chinabwera mu 1999, ndipo nyimbo ya Bills, Bills, Bills inafika pa nambala wani pa m'ndandanda wa Billboard, wa nyimbo zotchuka kwambiri ku America. Ndalama zitayamba kulowa, madandaulo nawo anatuluka poyera. Chakumapeto kwa 1999 LeToya ndi LaTavia anafuna kuti a Mathew asakhalenso manijala wawo, ponena kuti ndalama sizikugawidwa bwino komanso kuti akukondera Beyoncé ndi Kelly. Iwo amanena kuti sanafune kuchoka m'gulu, ankangofuna munthu wina wowayang'anira zinthu zawo.

Mu February 2000 kanema wa Say My Name anatuluka muli atsikana awiri achilendo, Michelle Williams ndi Farrah Franklin. LeToya ndi LaTavia akhala akufotokoza kuti anadziwira pomwepo kuti malo awo atengedwa. Taganizani: mwakhala kunyumba, nyimbo imene munaimba nawo, imene dzina lanu lili pa olemba ake, ikuonetsedwa pa TV, koma milomo imene ikugwedera ndi ya munthu wina. Atsikanawa anali asanakwanitse n'komwe zaka 20. Ine nkhaniyi imandiwawa mpaka lero. Sindikunena kuti Beyoncé sanali waluso kuposa anzake, mawu ake aliyense anawamva. Koma kufunsa za ndalama zako si mlandu woti uchotsedwere malo popanda kukuyang'ana m'maso.

Awiriwo anakasuma kukhoti, ndipo nkhaniyo inadzatha mogwirizana. Say My Name inafika pa nambala wani n'kupata mphoto ziwiri za Grammy mu 2001.

Farrah sanachedwemo. Patangotha miyezi isanu anali atatuluka, ndipo kuyambira pamenepo anatsala atatu amene inu mukuwadziwa. Atatuwa ndiwo anakwera pamwamba zedi. Independent Women Part I, nyimbo ya mu filimu ya Charlie's Angels, inakhala pa nambala wani masabata 11. Chimbale cha Survivor chinatsatira mu 2001, ndipo anthu ambiri anamva mawu a nyimbo ya dzina lomwelo ngati akubaya awiri aja, moti panabukanso mlandu wina.

Apa ndimukhalireko kumbuyo Michelle, chifukwa anthu amamuchepetsa kwambiri. Analowa m'nyumba yoyaka moto, mafani ena akumuona ngati wolanda malo, koma anakhazikika. Anakulira mu nyimbo za kutchalitchi ndipo zimamveka akatsegula pakamwa. Gulu litapumira, iye ndiye anayamba kutulutsa chimbale cha yekha mu 2002, cha nyimbo zauzimu. Chaka chomwecho Kelly anatchuka ndi Dilemma, imene anaimba ndi Nelly, ndipo Beyoncé anatulutsa chake mu 2003. Anabwererana mu 2004 ndi chimbale cha Destiny Fulfilled, koma mu June 2005, ali pa siteji ku Barcelona, analengeza kuti akamaliza ulendo umenewo aliyense atenga njira yake. Kuchokera apo akhala akuimbanso limodzi mwa apo ndi apo, monga pa Super Bowl, masewero omaliza a mpira wa chiAmerica, mu 2013 ndi pa chikondwerero cha nyimbo cha Coachella mu 2018.

Nanga awiri aja? LeToya sanagone pansi. Mu 2006 anatulutsa chimbale chotchedwa dzina lake lomwe, ndipo chinafika pa nambala wani pa m'ndandanda wa zimbale wa Billboard 200. Pambuyo pake analowanso m'mafilimu. LaTavia njira yake inali yaminga, ndipo wakhala akulankhula poyera za kukhumudwa ndi mowa zimene analimbana nazo atachoka m'gululi. Mu 2011 Beyoncé nayenso anasiyana ndi bambo ake pa nkhani ya umanijala. Mu 2023, Beyoncé atakaimba kwawo ku Houston, LeToya ndi LaTavia anakumana ndi anzawo atatu aja kuseri kwa siteji, asanu onse pamodzi.

CD ija musaibwezerenso m'katoni, mayi. Muuzeni mwana wanu aloze chala pachikutopo n'kutchula mayina onse anayi, kenako muikemo mumvere limodzi. Mawu amene akuyankhira kumbuyo kwa Beyoncé m'nyimbo zimenezo ndi a Kelly, LaTavia ndi LeToya.