Funsani Dokotala: Kodi kuchotsa madzi a pamsana kumapha?

Funso: Adokotala, mwana wa mchemwali wanga wa zaka 4 wagonekedwa, thupi moto, kusanza, khosi gwaa osapindika. Akuti mwina ndi matenda oumitsa khosi nde akufuna amuchotse madzi a pamsana, koma abale akukaniza ati zimapha. Titani?

Yankho: Mayi, auzeni avomere lero lomwe. Mphekesera iyi imanditopetsa kwabasi, anthu amaona wodwala wabwera mochedwa ali kayakaya, amubaya pamsana, mawa wamwalira, basi mlandu wagwera singano pomwe chamupha ndi matendawo.

Ubongo ndi mtsempha wa mumsana zinakutidwa ndi timinofu topyapyala ndipo mkati mwake mumayenda madzi oyera mbee. Mabakiteriya monga pneumococcus, meningococcus ndi Hib amakhala mmphuno ndi kukhosi, ambirife osatidwalitsa nkomwe, amafala pokhosomola ndi kuyetsemula, koma akalowa mmagazi nkukafika kumeneko timinofu tija timatupa, ndiwo matenda oumitsa khosi amenewo.

Poyeza, mwana amagona chammbali atapinda mawondo, kasingano kamalowa mmunsi mwa msana, kumunsi kwa pomwe mtsempha uja umathera, timangotenga madontho ochepa amene thupi limabwezeretsa lokha tsiku lomwelo. Madziwo akatuluka a mbuu timakhala tadziwa kale, kenako kulabu amawerenga maselo oyera, shuga ndi mapuloteni nkuona mtundu wa kachiromboko. Akakhala kuti wakomoka kwambiri kapena akungogwagwa timayamba tadikira, timaona kaye ngati nkoyenera.

Mankhwala sadikira zotsatira ayi. Timayamba pompo ndi maantibayotiki a mumtsempha, kawirikawiri ceftriaxone, masiku 7 mpaka 14 kutengera kachiromboko, nde musamutulutse poti wayamba kudya ndi kuseka. Mapilitsi a kunyumba apa sathandiza. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwa odwala 6 alionse mmodzi amamwalira, ndipo nthenda iyi imatha kupha mmaola 24.

Khanda nthawi zambiri siliuma khosi, limangokana bere, kulira kosatonthozeka, kufooka, liwombo kutukumuka. Anthu amathamangira kuti ndi malungo, nthawi nkumapita.

Akachira mukamuyezetse makutu chifukwa ena amatsala osamva. Zikapezeka kuti ndi meningococcus, onse ogona naye nyumba imodzi apatsidwe mankhwala oteteza, ndipo muonenso makadi a ana enawo ngati anamaliza katemera wa PCV (woteteza ku pneumococcus) ndi wa Hib.