Musawonjezere ng'oma achimwene, yambani ndi mbalame

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga. Mukuti gemu yomwe mukupanga ili ndi nkhalango, adani ndi mfuti zolira bwino, mwaikamonso nyimbo ya ng'oma zamphamvu, koma omwe aiyesa akuti nkhondo yake siikuwagunditsa mtima. Ndiye mukufunsa ngati muwonjezere nyimbo ina. Ine ndikuti ayi. Vuto lagona pa zimene wosewera amamva mdani asanaoneke, ndi zimene amamva mfuti zikaleka kulira.

Musanagwirenso ntchito yanuyo, sewerani kaye Hunt: Showdown ya kampani ya Crytek, yomwe inatuluka yathunthu mu 2019. Ngati kompyuta yanu singaikwanitse, onerani ena akuisewera pa YouTube mutavala mahedifoni. Nkhani yake imachitikira m'madambo a ku Louisiana m'zaka za m'ma 1890, ndipo osewera okwana mpaka 12 amasakana m'dera limodzi. M'menemo muli akhwangwala otera panjira, abakha pamadzi, agalu ndi nkhuku m'makola, komanso mahatchi ovulala ogona pansi. Ukathamanga pafupi ndi akhwangwala amadzambatuka onse akulira, ndipo munthu yemwe ali kutali amawamva, amawaonanso akukwera m'mwamba, n'kudziwa mbali imene uli.

Tsono taganizirani. Mukuyenda chowerama m'bango, mwatsala pang'ono kufika pa nyumba ya matabwa, mwalambalala agalu bwinobwino osawadzutsa. Kenaka kumanzere kwanu hatchi yalira. Inu simunaiyandikire. Ndiye kuti pali munthu, ndipo sali patali. Mfuti sinalire n'kamodzi komwe, koma m'manja mwayamba kale thukuta ndipo mwaima chilili osadziwa kuti mupite kapena mubwerere. Nthumanzi imeneyo ng'oma sizingakupatseni, chifukwa ng'oma zimangokuuzani kuti muchite mantha, pamene hatchi ija yakupatsani chifukwa chochitira mantha. Chomwe ndimachikonda kwambiri n'chakuti nyamazo zimakuululani inunso. Sizili mbali ya wina aliyense.

Red Dead Redemption 2 ya Rockstar Games, ya mu 2018, imachita zofanana koma modekha. Ili ndi mitundu ya nyama pafupifupi 200. Mimbulu kapena chilombo china chikayandikira, hatchi yanu imayamba kulira ndi kujowajowa inu musanaone kanthu, ndipo mukachedwa imakugwetsani n'kuthawa. Mukapha nyama n'kuisiya, imawola, ndipo mbalame zodya zakufa zimabwera. Dziko limaonetsa kuti lakumbukira zomwe mwachita.

Pa nkhani ya nyimbo, onani Dark Souls ya mu 2011. Malo ambiri mulibe nyimbo, mumangomva mapazi anu, zida zomwe mwavala ndi mphepo. Nyimbo imalowa mukakumana ndi chimdani chachikulu, ndipo imagwira mtima chifukwa makutu anali atakhala nthawi yaitali osamva chilichonse chotere. Ng'oma zanuzo musazitaye ayi, zisungireni nkhondo zomwe zikuyenera.

Pogwira ntchito yeniyeniyo, musajambule phokoso la nkhalango lonse m'failo imodzi yomangobwereza. Lipatuleni: mphepo payokha, nkhululu ndi nyenje pazokha, achule paokha, mbalame pazokha. Mbalame iliyonse ilire pa nthawi yosayembekezeka komanso kuchokera mbali yosiyana, chifukwa khutu la munthu silichedwa kuzindikira kulira kobwerezabwereza, ndipo likazindikira limaleka kumvetsera. Zida zokonzera phokoso la m'magemu zotchedwa FMOD ndi Wwise anazipangira ntchito ngati imeneyi, ndipo zonse ziwiri zili ndi chilolezo chaulere cha opanga magemu ang'onoang'ono. Koma ngakhale zida za phokoso zomwe zili kale m'mapulogalamu opangira magemu monga Godot kapena Unity zingakukwanireni poyamba.

Mdani akayandikira, tsitsani mbalame poyamba, pang'onopang'ono, kwa masekondi awiri kapena atatu. Kenaka nkhululu. Mphepo isiyeni. Osewera ambiri sadzatha kunena chimene chasintha, adzangomva kuti pano sipali bwino. Koma chonde musamachite zimenezi nthawi zonse mofanana. Nthawi zina mbalame zithawe chifukwa cha gwape wongodutsa, wosewera akonze mfuti pachabe, aphwetse mtima, kenaka mdani weniweni atulukire kwina. Chizindikiro chikakhala choona nthawi zonse, chimasanduka belu basi, ndipo mantha amatha.

Mbali yomwe ambiri amaiiwala ndi ya pambuyo pa nkhondo. Mdani womaliza akagwa, musabwezere nkhalango yonse nthawi imodzi ngati kuti palibe chachitika. Pakhale zii kaye, pamveke kupuma kwa munthu amene wosewera akumuyendetsa m'gemumo ndi chipolopolo chomwe akulowetsa m'mfuti. Chule mmodzi ayambe, ena amutsatire, mbalame zibwere komalizira. Umu ndi mmene wosewera amadziwira kuti ngozi yatha popanda mawu olembedwa pasikirini. Omwe anasewera The Last of Us ya mu 2013 amakumbukira akadyansonga a ku Salt Lake City, amene amabwera pambuyo pa gawo la m'nyengo yozizira lodzadza ndi kuphana. Palibe yemwe amawombera pamenepo, koma nkhondo zonse zam'mbuyo zimamveka kulemera kwake chifukwa cha nyama zimenezo.

Kumbukiraninso kuti ena samva bwino, ndipo ena adzasewera pa sipika ya foni yomwe imameza phokoso lapansipansi. Choncho chilichonse chofunika chomwe khutu likumva, diso lichionenso: mbalame ziuluke mooneka, udzu ugwedezeke pomwe nyama yadutsa.

Sabata ino yesani malo amodzi okha. Zimitsani nyimbo, ikani magulu anayi a phokoso aja, muwapatse anthu omwe anaiyesa kale aisewerenso, osawauza chomwe mwasintha. Yang'anani ngati akuima paokha mbalame zikatonthola. Mukatero tumizani kavidiyo muno m'gulu timve nawo, tidzakuuzani ngati masekondi atatuwo achuluka kapena achepa.