Mafunso a Owerenga: Mafakitale a Magalimoto Apamwamba Akachepetsa Ntchito

Makalata ambiri amene afika mwezi uno kuchokera kwa Amalawi okhala mu Johannesburg ndi madera ozungulira akukhudza nkhani imodzi, yomwe ndi kuchepa kwa ntchito m'makampani opanga ndi kugulitsa magalimoto apamwamba. Tasankhapo atatu, ndipo tawafupikitsa pang'ono kuti malo akwane.

FUNSO: Akonzi, ine ndimagwira ntchito yotsuka ndi kupukuta magalimoto pamalo ena ogulitsira magalimoto odula ku Sandton. Abwana athu atiuza kuti magalimoto atsopano azibwera ochepa chifukwa mafakitale akunja achepetsa kupanga, ndipo mwina ena mwa ife tizigwira masiku atatu okha pa sabata. Chimene sindikumvetsa n'chakuti ogula magalimoto amenewa ndi mpondamatiki, ndipo sindinaonepo munthu wolemera akusowa ndalama ya buledi. Kodi mavuto a zachuma amawakhudza bwanji anthu otere, kapena ndi njira chabe yofuna kutichotsera ntchito? Ndine bambo wa ku Alexandra.

YANKHO: Bambo, mwanena zoona kuti wolemera sasowa buledi, koma galimoto ya marandi mamiliyoni awiri kapena atatu kawirikawiri sigulidwa ndi ndalama ya m'thumba. Magalimoto ambiri otere amatengedwa pa ngongole ya banki kapena pa mgwirizano wobwereka kwa zaka zingapo, ndipo ochuluka amalembedwa m'dzina la kampani. Chuma cha eni akewo chimakhala m'masheya, m'nyumba ndi m'mabizinesi, kotero mitengo ya zinthu zimenezi ikagwa, mabanki n'kuyamba kuumira pobwereketsa, munthu amangoti ayendebe pa galimoto imene ali nayo kwa chaka china. Iyeyo sataya kanthu podikira, popeza galimoto ya zaka zitatu imamufikitsabe ku ofesi bwinobwino, koma anthu zikwizikwi akaganiza chimodzimodzi pa nthawi imodzi, fakitale imapezeka ndi magalimoto odzaza bwalo opanda wowatenga. Palinso nkhani ya maso a anthu, chifukwa bwana amene wangochotsa antchito amazengereza kutulukira pa geti ndi galimoto yatsopano yonyezimira.

Zimenezi zinaonekera poyera banki ya Lehman Brothers itagwa ku America mu September 2008. Bentley, yomwe imapangira magalimoto ake ku Crewe m'dziko la England, inagulitsa magalimoto oposa 10,000 mu 2007, koma mu 2009 sinafike ngakhale pa 5,000, ndipo m'chaka chimenecho inaimitsa fakitale kwa masabata 7. Aston Martin inalengeza mu December 2008 kuti ichotsa anthu 600. Kuno ku South Africa, magalimoto atsopano a mitundu yonse ogulidwa pa chaka anatsika kuchoka pa oposa 700,000 mu 2006 kufika pa ochepera 400,000 mu 2009. Pambuyo pake vuto lina lalikulu linachokera ku China, kumene malonda a Porsche anatsika ndi 28 peresenti mu 2024, ndipo kumayambiriro kwa 2025 kampaniyo inalengeza kuti ichepetsa malo a ntchito 1,900 ku Germany pofika 2029.

Mwina mungadabwe kuti makampaniwa amalekeranji kungotsitsa mtengo kuti katundu ayende. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Munthu wogula galimoto yapamwamba amalipira chitsulo, injini ndi zikopa, koma gawo lalikulu la ndalama yake limapita pa dzina, ndiponso pa chikhulupiriro chakuti galimotoyo sidzapezeka pakhomo lililonse. Kampani ikatsitsa mtengo wa yatsopano, nthawi yomweyo mtengo wa zakale zonse zimene zili pamsewu umagwa, amene anagula chaka chatha amadziona ngati aberedwa, ndipo nthambi ya kampaniyo yobwereketsa magalimoto imaluza, chifukwa inawerengera kuti galimoto ikadzabwezedwa patatha zaka zitatu idzagulitsidwa pa mtengo wakutiwakuti. Mtengo ukatsika kamodzi umavuta kuukwezanso. N'chifukwa chake amasankha kuimitsa makina, kuchotsa shifiti ya usiku kapena kutalikitsa tchuthi cha December. Ferrari inafika pochepetsa dala magalimoto ake mu 2013, pa nthawi imene ogula analipo, pamene tcheyamani wake Luca di Montezemolo analengeza kuti sapanga oposa 7,000 pa chaka pofuna kuteteza ulemerero wa dzinalo.

Choncho abwana anu mwina sakunama, koma ndikufuna muone kuti kuchepetsa kupanga ndi chisankho cha kampani, ndipo chisankhocho chimateteza mtengo wa galimoto pamene katundu wa vutolo ukusenzetsedwa anthu onga inu. Ku Germany boma lili ndi ndondomeko yotchedwa Kurzarbeit, imene imabwezera wantchito gawo lalikulu la malipiro a maola amene achotsedwa, ndipo BMW ndi Daimler, kampani imene inkapanga Mercedes-Benz, anaikamo antchito zikwi makumimakumi mu 2009, kenaka malonda atabwerera anthuwo anapitiriza ntchito zawo. Wotsuka magalimoto ku Sandton alibe chomugwira champhamvu ngati chimenechi, ndipo zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa galimoto imene imagulitsidwa ndi kunyezimira kwake imanyezimira ndi manja anu. Pemphani abwana kuti kusintha kwa masiku akulembereni papepala, ndipo yang'anani mbali ya galaja, popeza anthu akasiya kugula zatsopano amasamalira kwambiri zakale, moti ntchito yokonza, kupenta ndi kupolisha siichepa msanga ngati yogulitsa.

FUNSO: Akonzi, amuna anga amagwira ntchito pa kampani ina yopanga zipangizo za magalimoto ku Rosslyn, ndipo anawalemba kudzera kwa kampani yopezera anthu ntchito zaka zinayi zapitazo. Tsopano akuti maoda achepa, akugwira maola ochepa, ndipo kukumveka mphekesera zoti ena achotsedwa. Tili ndi ana kusukulu kuno ndiponso makolo ku Mzimba amene amadalira ife. Kodi munthu wochokera kunja ali ndi ufulu uliwonse pa nkhani ngati imeneyi? Ndine mayi wa ku Tembisa.

YANKHO: Mayi, pepani ndi nkhawa imene muli nayo. Ndiyambe ndi kufotokoza kumene vutoli likuchokera, kuti mudziwe zizindikiro zoyenera kuzitchera khutu. South Africa ndi dziko limodzi mwa maiko amene amapanga magalimoto apamwamba ogulitsa kunja. Fakitale ya BMW ku Rosslyn inakhala ya kampaniyo mu 1973, ndipo inali yoyamba kunja kwa Germany. Kwa zaka zambiri inkapanga 3 Series, koma kuyambira 2018 imapanga X3. Mercedes-Benz imapanga C-Class ku East London, mzinda wa kuno ku South Africa. Magalimoto ambiri otuluka m'mafakitale amenewa amakwera sitima zapamadzi kupita ku Ulaya, ku America ndi kwina, kotero ntchito ya amuna anu imadalira kwambiri ogula a ku London kapena New York kuposa a kuno ku Bryanston. Mu 2024 Mercedes-Benz inalengeza zochepetsa mashifiti a ku East London kuchoka pa atatu kufika pa awiri, zomwe zinakhudza anthu pafupifupi 700, ndipo mu April 2025 boma la Donald Trump linaika msonkho wa 25 peresenti pa magalimoto olowa mu America, pamene kale magalimoto a kuno ankalowa opanda msonkho pansi pa AGOA, lamulo la America lochotsa msonkho pa katundu wochokera ku maiko ena a mu Africa.

Makampani ang'onoang'ono opanga mipando, mawaya, mapaipi a utsi ndi zina ndi amene amamva kuwawa koyamba. Mafakitale akuluakulu sasunga zipangizo zambiri mosungira katundu, amaitanitsa zokwanira masiku ochepa basi, kotero fakitale ikachotsa shifiti imodzi, oda ya wopanga mipando imatsika sabata yomweyo, chonsecho wopanga mipandoyo alibe chuma chopirira nacho miyezi yambiri. Vutoli limafika mpaka ku migodi ya Rustenburg, chifukwa platinamu wambiri amapita m'zipangizo zoyeretsa utsi wa magalimoto, ndipo mu 2008 mtengo wake unagwa kuchoka pa madola oposa 2,000 kufika pa ochepera 1,000 m'miyezi yowerengeka.

Tsopano za ufulu. Malamulo a ntchito a dziko lino amateteza wantchito aliyense posayang'ana kumene anabadwira, ndipo khoti loona za ntchito linagamula mu 2008 kuti ngakhale munthu amene chilolezo chake chogwirira ntchito chatha amawerengedwabe ngati wantchito amene angathe kukadandaula ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pakati pa antchito ndi mabwana awo. Kampani ikafuna kuchotsa anthu chifukwa cha kuchepa kwa malonda iyenera kutsata gawo 189 la Labour Relations Act, kutanthauza kuti ipereke chidziwitso cholembedwa, ifotokoze zifukwa, ikambirane ndi antchito kapena bungwe lawo monga NUMSA za njira zina zopewera kuchotsa anthu, ndipo inene poyera m'mene isankhire ochotsedwawo. Wochotsedwa mwa njira imeneyi ayenera kulandira malipiro osachepera a sabata imodzi pa chaka chilichonse chathunthu chimene wagwira, kuwonjezera pa ndalama ya notisi ndi ya masiku a tchuthi amene sanapume.

Mfundo yakuti amuna anu analembedwa kudzera kwa kampani yopezera anthu ntchito ndi yofunika kwambiri, chifukwa anthu otere ndi amene amauzidwa koyamba kuti asabwerenso Lolemba. Komabe kuyambira 2015 gawo 198A la lamulo lomwelo limanena kuti wantchito wa malipiro ochepa amene wakhala pa kampani imodzi kupitirira miyezi itatu amatengedwa ngati wantchito wa kampani imene akugwirako, ndipo khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linatsimikiza zimenezi mu 2018. Zaka zinayi zija, ndiye kuti, zili ndi mphamvu. Amuna anu asonkhanitse mapepala onse a malipiro, aone ngati 1 peresenti ya UIF, thumba la boma lothandiza ochotsedwa ntchito, yakhala ikudulidwa, ndipo akafunse ku ofesi ya za ntchito ngati dzina lawo linalembetsedwadi, popeza pali olemba ntchito ena amene amadula ndalamayo osaipereka. UIF ili ndi thandizo ngakhale kwa amene angochepetseredwa maola. Asasaine pepala lonena kuti asiya ntchito mwa kufuna kwawo asanalimvetse, chifukwa wosiya yekha salandira UIF, ndipo akachotsedwa mosatsata malamulo akadandaule ku CCMA kapena ku khonsolo ya makampani a mtundu wawo masiku 30 asanathe. Kumudzi ku Mzimba muwauze makolo zoona msanga, kuti nawonso ayambe kukonzekera ngati ndalama ya mwezi ndi mwezi ingachepe.

FUNSO: Akonzi, ndasunga kandalama ndipo ndikufuna kugula BMW kapena Benz yogwiritsidwa kale ntchito kuti ndipite nayo kwathu ku Mangochi pa Khirisimasi. Anzanga akuti ndidikire chifukwa makampaniwa ali pa mavuto, ndiye mitengo igwa. Kodi ndi zoona? Ndine mnyamata wa ku Rosettenville.

YANKHO: Achimwene, anzanuwo akhoza kukudikiritsani pachabe, chifukwa monga ndafotokozera pa yankho loyamba, cholinga chochepetsera kupanga ndi chakuti mitengo isagwe. Mu 2021 ndi 2022, pamene tizipangizo ta kompyuta ta m'magalimoto tinkasowa ndipo mafakitale ankatulutsa magalimoto ochepa, mitengo ya magalimoto akale inakwera m'malo motsika. Chimene chimachitikadi pa nthawi ya mavuto n'chakuti anthu amene analemedwa ndi ngongole amagulitsa mofulumira kapena kulandidwa ndi banki, ndipo apo mukhoza kupeza galimoto yotsikirapo mtengo, koma kawirikawiri imakhala yoti mwini wake anasiya kale kuipititsa ku sevisi ndalama zitamuthera.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Galimoto yapamwamba imatsika mtengo ikamakalamba, koma masipeyala ake satsika, ndipo yazaka zisanu ndi ziwiri imakhala itatuluka kale mu dongosolo la sevisi yaulere limene imabwera nalo ikakhala yatsopano. Ku Mangochi mudzafunika makaniko wokhala ndi kompyuta yoyezera galimoto ya mtundu umenewo, ndipo sipeyala iliyonse yaikulu idzayenera kuchokera kuno ku Joni pa marandi, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Musaiwalenso kuti ngati galimotoyo ikukakhazikika ku Malawi, a MRA amawerengera msonkho poyang'ana kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, kotero injini yaikulu yakale imalipitsa kwambiri. Ngati mukuganiza zowonjezera ndi ngongole, chenjerani ndi mgwirizano umene umachepetsa zolipira pamwezi n'kusiya ndalama yaikulu yoti mudzalipire kamodzi kumapeto, ndipo dziwani kuti galimoto ya ngongole situluka m'dziko popanda kalata ya banki.

Mukatsimikiza mtima kugula, pemphani buku la sevisi lokhala ndi zidindo, tengani makaniko wanu akaione asanakupatseni makiyi, funani kalata ya banki yosonyeza kuti mwini wake anamaliza ngongole, ndipo ngati ikupita kwamuyaya mutenge chikalata cha apolisi cha SARPCCO chotsimikiza kuti si yakuba musananyamuke ulendo wa ku Beitbridge.