Zipolopolo za yureniyamu si bomba, koma fumbi lake ndi loopsa

Achimwene, mwafunsa ngati zipolopolo za yureniyamu zimene munamva pa wailesi ndi bomba la nyukiliya, komanso ngati n'zoletsedwa. Si bomba ayi. Zimapangidwa ndi yureniyamu wotsala akachotsamo mbali yamphamvu imene imagwiritsidwa ntchito popanga magetsi ndi mabomba. Chitsulochi n'cholemera kuposa mtovu, n'chifukwa chake chimaboola akasinja.

Choopsa chagona apa: chipolopolo chikagunda kasinja chimayaka n'kusanduka fumbi losalala ngati phulusa la pa mbaula. Munthu akalipuma limakhala m'mapapo, lina limalowa m'magazi n'kukavulaza impso. Poizoni wa chitsulocho ndiye amadetsa nkhawa kwambiri, ngakhale cheza chake, mphamvu yosaoneka imene chitsulocho chimatulutsa, nachonso si chabwino chikalowa m'thupi.

Zipolopolozi zinagwiritsidwa ntchito ku Iraq ndi Kuwait mu 1991, ku Kosovo mu 1999, ndiponso ku Iraq mu 2003. Mu 2023 Britain ndi America ananena kuti atumiza zina ku Ukraine.

Ine mtima umandiwawa ndikaona anyamata athu kuno ku Chipata akukankha wilibala ya zitsulo zakale chakuKapata, manja ali bii, kenaka n'kugula chimanga chootcha osasamba. Mwana wa ku Basra, mzinda wa ku Iraq, wotola zitsulo pa kasinja wopsa sasiyana nawo.

Pangano la dziko lonse loletsa zidazi kulibe. Belgium ndi Costa Rica anaziletsa m'malamulo awo, ndipo United Nations yakhala ikukambirana nkhaniyi kuyambira 2007. Kwa ine, zinayenera kuletsedwa kalekale.